Nyimbo Zitatu za Winnie

Aliyense amene anakwatitsapo mwana ku Chitawira amamudziwa Yona Mulipa, wojambula zithunzi wa chipewa chopindika uja. Bambo ake anachokera ku Mozambique ndi njinga yokha, koma iye anakulira m'tauni muno. Ntchito anaiphunzira pa situdiyo ya a Shafik ku Limbe, nthawi ya filimu. Atabwera makamera oonetsa chithunzi pompopompo, Yona anakana kumasuzumira kumbuyo kwa kamera ali pa ntchito. Ankati zimenezo n'za ophunzira. Katswiri amajambula kaye mpaka kumaliza, kuona pambuyo. Ankanyadira lamulo lakelo mopitirira muyezo.

Matenda ake anali amodzi, nsanje, ndipo inali nsanje yopanda manyazi.

Mkazi wake Winnie anaimba kwaya ya kutchalitchi zaka khumi ndi zisanu, Yona osadandaula, poti kwaya imaima pamzere, amayi uku abambo uko. Koma chaka chatha gulu lina loimba la ku Naperi linamutenga kuti azipolokozera, ndipo m'gulumo munali Roy wa gitala ya besi, mwamuna wamtali, woseka ndi aliyense. Tsiku lina Roy anati pageti, "Mayi, mawu anuwa ndi mphatso." Usiku umenewo Yona anakana chakudya.

Kenaka gululo linaitanidwa ku chikondwerero cha nyimbo pa bwalo lina la mpira ku Limbe, Loweruka masana. Winnie anapatsidwa ndime yoimba yekha, koyamba m'moyo wake. Anasoketsa diresi yachikasu, ndipo m'mawa wa tsikulo anaimitsa mwamuna wake pakhomo.

"Bambo a Ulemu, ndikupempha chinthu chimodzi chokha. Mundijambule chithunzi chabwino ndili pa siteji, nditumize kwa amayi ku Phalombe. Aja amati ndikungotaya nthawi."

"Imeneyo ndi ntchito yochepa," anayankha Yona akupukuta kamera. "Mudzachita kusowa chosankha."

Pa zikondwerero zotere ojambula amaloledwa kutsogolo kwa siteji pa nyimbo zitatu zoyambirira basi, kenako alonda amawatulutsa. Yona ankazidziwa bwino zimenezo. Analowa ndi anzake, dzuwa likuswa mtengo, fumbi lili koboo, masipika akugunda mpaka m'chifuwa.

Nyimbo yoyamba itangoyamba, Roy anasendera kufupi ndi Winnie. Mtima wa Yona unanyamuka. Malo onsewa pa siteji, munthu n'kusankha pomwepo? Chala chinayamba kudina. Pa nyimbo yachiwiri Winnie anaimba ndime yake, anthu n'kukuwa, amayi ena nthungululu, koma Yona ankaona Roy kumbuyo kwake akugwedeza mutu, atatsinzina. Akutsinziniranji ameneyu? Pa yachitatu Roy anawerama n'kunong'oneza kanthu m'khutu la Winnie. Yona anadina mosapumira, mano ali gwa, mumtima akuti lero ndakupezani, umboni ndi uwu. Anadzidzimuka mlonda atamugwira paphewa.

"Madala, zatha zitatu. Tiyeni panja."

Gululo litatsika, Winnie anabwera chothamanga kuseri kwa siteji, thukuta lili kamukamu, akuseka ngati mtsikana.

"Mwamva mmene anakuwira anthu? Ndinatsala pang'ono kuiwala polowera, mwayi Roy anandikumbutsa. Tione, tione!"

Yona anamupatsa kamera. Iye mwini anali asanaone n'chimodzi chomwe.

Zinalipo zithunzi zoposa zana. Roy anatuluka bwino zedi: zala pa nsambo, thukuta pamphumi, mpaka mphete yake ya ukwati ikuwala. Yona chiyambire ntchito anali asanajambulepo munthu mokongola chotero. Winnie ankangooneka m'mphepete, apa mkono, apo theka la diresi yachikasu. Pa chimodzi chokha nkhope yake inalowa yonse, yosaoneka bwino ngati ili kuseri kwa utsi, komabe zinkadziwika kumene maso ake analoza. Ankayang'ana mu kamera mwenimweni.

Winnie anapita mpaka kumapeto, n'kubwereranso poyambira pang'onopang'ono. Kuseka kuja kunali kutatha. Yona anachita manyazi oti sanawamvepo.

"Nyimbo zonse zitatu ine ndimaimbira inu," anatero Winnie motsitsa mawu. "Ndimayesa mukundiona."

Anamubwezera kamera m'manja.

"Zithunzizi mumupatse Roy. Atumize kwa amayi ake."