Njanji Sadula

Adadi anabwera kuno kutsidya kwa nyanja, ku Scarborough, amayi atangomwalira kumene. Ndine ndinawakakamiza. Ndinati sangakhale okha ku Balaka m'nyumba yonse ija, ine kuno ndili ndi chipinda chongogona masutikesi. Anabwera ndithu, koma mtima anausiya. Popita ku ntchito ndinkawasiya pawindo, pobwera n'kuwapeza pomwepo, akuyang'ana mabasi pansi apo. Ndinkadziwa kuti tsiku lina adzanena zobwerera, ndipo mawu amenewo ndinkawaopa kwambiri.

Nthawi imeneyo ndinkasamalira mzungu wina wokalamba ku Oakville. Atamwalira, ana ake anandipatsa katoni ya sitima zoseweretsa: tinjanji, mutu umodzi, mabogi, mawaya ndi kabokosi kamagetsi kokhala ndi chopotokola. Sizinali zamakono zoyendera kompyuta zija ayi. Magetsi amadutsa mu njanji momwemo, ukapotokola sitima imayenda, ukatembenuza swichi imabwerera chambuyo. Ndinanyamula katoniyo ndikumwetulira ndekha m'basi, poti adadi moyo wawo wonse ankatembenuza mapointi, paja njanji imagawikana kuti sitima isankhe kolowera. Mumtima ndinati ndawapezera chowamangirira kuno.

"Zidole izi," anatero adadi atasuzumira m'katonimo.

Mawa lake ndinapeza thebulo lodyera lalandidwa, ayalapo tinjanji. Kuyambira pamenepo tinkadyera pamiyendo.

Iwo sankafuna zongozungulira ngati za ana. Ankafuna pakhale ngati pa jankishoni yawo yakale, mapointi atatu atakhala ngati mafuwa, kuti mutu wa sitima uzilowa, kubwerera chambuyo, n'kutuluka utayang'ana kumene wachokera. Tinayala, tinakhoma, tinawotcherera mawaya. Titangolumikiza mbali yachitatu, kabokosi kanalira, kanyali kofiira kanayaka, sitima njii.

Bambo wa pasitolo ya zoterezi anandifotokozera. Njanji ziwiri zimene sitima imapondapo, iliyonse imanyamula magetsi akeake, ndipo pa mafuwa pathupo ya kumanja imazungulira n'kukakumana ndi ya kumanzere, ndiye zimashota. Mankhwala ake n'kudula njanji zonse ziwiri, kutsekapo kapulasitiki, chigawo chodulidwacho n'kuchipatsa mawaya ndi swichi yakeyake. Ndinagula kasowo, ndinafika, ndinadula.

Adadi anaimirira. "Mwana wanga, ukutani? Njanji sadula. Njanji yoduka ndi maliro."

Ndinawafotokozera, anagwedeza mutu ngati amva. Tsiku lotsatira pochokera ku ntchito ndinapeza pamene ndinadula awotcherera mwaluso, osaoneka n'chipsera chomwe, kanyali kofiira kali ngwee. Ndinadulanso, anawotchereranso. Zinatero kangapo, ine kudula Loweruka, iwo kulumikiza Lolemba. Makani ndinatengera kwa iwo omwewo, ndiye panalibe wogonja.

Tsiku lina zinandikwana. "Adadi, aaa, mukundishotetsera dala! Kuno si ku Balaka!"

"Ndikudziwa," anatero, n'kubwerera pawindo paja.

Lamulungu lake titachoka ku tchalitchi, asanavule n'jekete yomwe, anatenga kasowo kaja okha. Ankadula atatembenuzira nkhope kumbali ngati akupha nkhuku ya mwini. "Magetsi a kunowa ngamwano," anang'ung'udza. Ine ndinalumikiza swichi.

Analowetsa mutu uja pang'onopang'ono m'chigawo chodulidwa, n'kuuimitsa. Anatembenuza mapointi, anawayang'ana, anawayang'ananso monga ankachitira ku ntchito, kenako anakweza dzanja. Ndinatembenuza swichi. Mutu unayenda, unadutsa podulidwa paja osagwedezeka, unakhota, n'kutulukira utayang'ana kumene unachokera. Kanyali kofiira sikanayake. Ndinakuwa ngati mwana, ndinati basi, apa ndiye akhazikika.

Iwo anauyang'ana nthawi yaitali.

"Waona? Watembenuka bwinobwino, sunagwe." Anapukuta manja pa jekete. "Nanenso undipezere tikiti, mwana wanga. Mvula isanayambe ndikalambule pamanda pa mayi ako."

Sindinawatsutse. Ndinalowa m'bafa, ndinatsegula mpopi kuti asandimve, ndinalira.

Pano ali ku Balaka, ndipo ndimawasowa koopsa, makamaka ndikamalowa m'nyumba n'kuona pawindo palibe munthu. Akaimba foni safunsa za chisanu kapena za ntchito. Amayamba ndi lamulo lawo lakale, lakuti munthu sachoka pa mapointi asanawabwezere ku njanji yaikulu, kuti wobwera apeze njira yotsegula.

"Mapointi wasiya bwanji?"

"Ali ku njanji yaikulu, adadi."

"Chabwino. Asiye choncho."

Sananenepo kuti adzabweranso, ine sindinafunsepo. Pathebulo paja sindinachotsepo kanthu. Mpaka lero ndimadyera pamiyendo.