Sefa ya Alamu ndi Mlandu wa Tsempho

Alamu anga, mwamuna wa mlongo wanga wamng'ono, anabwerako ku Joni ndi jekete yachikopa, mawu angapo a Chizulu ndi sefa ya madzi. Jekete inasupuka mvula yoyamba. Chizulu chinatha chifukwa chosowa wochiyankha. Sefa yokha ndiyo inawasunga pamwamba.

Ndinaiona nditapita kwathu ku Mbulumbuzi patchuthi, nthawi imene ndinkalemba nkhani m'nyuzipepala ku Blantyre. Chinali chibotolo chapulasitiki chotalika ngati kuchokera pachigongono kufika kuzala, chomangidwa kukamwa kwa mpopi wa kuseri kwa nyumba. M'kati munali mpukutu wakuda wa makala opera, opanikizidwa mpaka kulimba ngati njerwa yootcha. Ndinali nditalembapo za madzi, choncho ntchito ya chinthuchi ndinkaidziwa. Madzi akamadutsa m'makalamo, klorini ndi fungo lake zimatsalira, tizinyalala tinanso timatsalira, madzi n'kutuluka okoma. Zimathera pomwepo. Sefa yotere silonjeza kupha tizilombo, ndipo makala ake akatopa amafunika ena. Alamu sankaitcha sefa. Ankati makina, ndipo ankakhulupirira kuti adzawasiyira adzukulu.

Mpopi wathu unkatulutsa madzi m'mawa mokha, masiku ena osatulutsa n'komwe. Mlongo wanga ankatunga pasefapo n'kudzaza mtsuko wa pakona, pamwamba n'kuika mbale ndi kapu. Klorini amene a zamadzi amathira ndiye amalondera madzi akakhala mumtsuko tsiku lonse. Makina a alamu ankachotsa mlondayo, madzi n'kulowa m'nyumba okhaokha.

Kwathu wopempha madzi samanidwa. Alamu anapitirira mwambowo, n'kumaitana ngakhale amene sanapemphe. Akabaza, ogula nandolo, anthu ochokera kumaliro, onse ankakokedwa pamsewu kuti adzalawe madzi a ku Joni. Aliyense ankaviika kapu yomweyo mumtsuko, zala n'kulowa nawo, kumwa, kugwedeza mutu mwaulemu. Alamu ankaima pambali atapinda manja, ngati mvula anaigwetsa ndi iwo.

Mlongo wanga anali ndi mwana wamkazi amene anabadwa bambo ake ali ku Joni, ndipo nthawiyi anali atangoyamba kukwawa ndi kumwa phala. Mwanayo anayamba kutsegula m'mimba. Ankati akachira, n'kuyambiranso. Masaya anaphwa, maso analowa, kukwawa anasiya. Alangizi a zaumoyo anabwera n'kunena zimene amanena pakhomo lililonse: madzi a mwana aziphitsidwa kapena kuthiridwa klorini, ndipo kapu yoviika isamakhalenso yomwera. Alamu anawaperekeza mpaka kumsewu, pobwerera n'kulamula kuti m'madzi osefedwa musathiridwe kanthu. Kutero, anati, n'kunyoza makina.

Koma mwana ankafotabe, ndipo wina anayenera kukhala wolakwa. Popeza makina sakanalakwa, alamu anasankha mkazi wawo. Anati ndi tsempho. Kwathu mwana akamawonda chotere, akuluakulu amati mmodzi wa makolo anayenda kunja kwa banja mwanayo ali wakhanda. Alamu sanayambire kwa ankhoswe monga achitira anthu. Anayambira kuchigayo, pakati pa amayi odikira mphale yawo, kudandaula mokweza kuti mwamuna akapita kukavutikira banja sadziwa zimene zimatsala zikuchitika kumbuyo.

Madzulo a tsikulo mudzi wonse unali utadziwa. Mlongo wanga anasiya kupita kumsika. Akafika pagulu la amayi, nkhani inkaduka. Anali ndi mwana wodwala kumsana ndi dzina la chigololo pamutu, ndipo m'nyumba ankaphikirabe munthu amene anamuveka dzinalo.

Ankhoswe anakumana pakhonde la amayi. Kumbali yathu kunali amalume, munthu wosathamangira kuyankhula. Ine ndinapempha danga n'kufotokoza za makala, klorini ndi kapu, mwadongosolo ngati ndikuwerenga nkhani ya patsamba loyamba. Anandimvetsera momwe anthu amamverera zanyengo pawailesi. Alamu ankamwetulira. Amalume anandithokoza, n'kunena kuti pabwalopo sakuzenga mpopi.

Kenako anatembenukira kwa alamu.

“Akamwini, tsempho talimva, ndipo sitikulikana. Koma tsempho limalowera makomo awiri. Mayi wa mwanayu wakhala pano, mudzi wonse ukumuona usana ndi usiku. Inuyo ku Joni ankakuonani ndani?”

Alamu anati iwo ankangogwira ntchito.

“Ndi bwino. Tsono mwanayu anali wonenepa mpaka tsiku limene munatsika basi. Mawa tonse tipite kwa asing'anga, aliyense akaulule zake. Muyambe ndi inu, popeza ndinu mutu wa banja.”

Ndaonapo anthu andale akusintha chipani, koma sindinaonepo wosintha msanga ngati alamu tsiku limenelo. Anayang'ana pansi, kukanda bondo, kenako n'kudzutsa mutu ngati munthu amene wakumbukira kumene anaika makiyi.

“Komatu alamu atolankhaniwa mwina ali ndi mfundo. Sefa ija yakhalitsa.”

Aka kanali koyamba kuitcha sefa. Anapita okha kuseri, kukaimasula, n'kubwera nayo pabwalo. Mpukutu wa makala unali woterera ngati therere, ukununkha kudambo. Anauyendetsa kwa munthu aliyense kuti aone, monyada ndithu, ngati ndi iwo atulukira chinyengocho. Anatukwana mwini sitolo wa ku Joni amene anawagulitsa, n'kulangiza tonse kuti tizisamala ndi katundu wakunja. Za asing'anga sizinatchulidwenso. Ankhoswe a mbali yawo anaimirira msanga, ati kuli ulendo wautali.

Mwana anapita naye kuchipatala tsiku lotsatira. Anamupatsa madzi a mchere ndi shuga ndi timapiritsi, kunyumba madzi ake n'kumaphitsidwa, ndipo pang'onopang'ono masaya anabwerera.

Dzina la mayi wake ndilo silinabwerere lokha. Mlongo wanga anapempha chinthu chimodzi: alamu apite kuchigayo komwe anayambira, akanene pamaso pa amayi omwe aja kuti ananama. Alamu anayankha kuti iwo sanatchule dzina la munthu, anangodandaula monga bambo. Anati nkhani yatha kale pabwalo, kuidzutsanso n'kusowa ulemu kwa ankhoswe.

Mlongo wanga sanakangane nawo. Anabereka mwana, kutenga mphasa, n'kuwoloka bwalo kukagona kwa amayi. Anati adzabwerera tsiku limene adzamve kuchokera kwa amayi a kuchigayo kuti mawu aja anenedwa.

Kuchokera panyumbapo kukafika kuchigayo, munthu amapita n'kubwerako madzi a tiyi asanawire. Alamu anakhala okha m'nyumbamo mpaka nandolo atakololedwa, akudziphikira, akuuza aliyense wodutsa kuti akazi a masiku ano ndi ouma mitu. Kenako anaona kuti ku Joni ndiko kufupi, n'kukwera basi. Mwana anayamba kuyenda iwo kulibe.