Tsiku Loika Amayi Pafupi ndi Khola la Kampani

Ndinadzuka kusanache. Azimayi a kutchalitchi amene anachezera kuimba pa siwa anali atasasa mawu, ndipo panja azibambo ankawodzera mozungulira chitsa chofuka. Mphepo inali itatembenuka. Fungo la ndowe linadzaza bwalo lonse.

Linkachokera kukhola la kampani yonenepetsa ng'ombe, lomwe linamangidwa padimba la amayi. Chaka chimene tinavotera zipani zambiri, amalume anabwera ndi anthu a m'tauni onyamula kachipangizo koyezera mphepo. Anakaimika padambo, n'kuwerengetsera, n'kunena kuti fungo lizidzapita cha ku Dzalanyama, kwathu silidzafika. Amayi anakhulupirira mlongo wawo, napereka dimba. Kuyambira pamenepo sanadyerenso pakhonde, ndipo m'miyezi ya matenda awo tinkatseka mazenera ngakhale kutenthe bwanji.

Kutacha anthu anayamba kufika, a ku Mitundu wapansi ndi panjinga, achibale a ku Nathenje pa matola. Aliyense akapatuka kumsewu ankatseka mphuno, n'kutsitsa dzanja mwamanyazi akationa. Kophikira azimayi ankaingitsa ntchentche ndi nthambi za mango.

Amalume anafika dzuwa lili paliwombo atakwera lole ya kampani, kumbuyo kuli ng'ombe ya chipepeso. Adzukulu okumba manda anaipha. Ine nyamayo sindinailawe.

Njira ya kumanda imadutsa m'mbali mwa waya wa kholalo. Ng'ombe zinkatiyang'ana zitaima m'ndowe zofika m'maondo. Nyimbo inazilala, poti munthu sungaimbe utatseka mphuno, ndipo onyamula bokosi anafulumiza miyendo.

Kumanda amalume analankhula m'malo mwa banja. Anathokoza kampani, kenako anati, "Mlongo wangayu ankakonda chitukuko. Asanatisiye anavomera kuti munda wotsalawo akulitsirepo khola."

Ndine amene ndinkawasambitsa ndi kuwatembenuza amayi mpaka tsiku lomaliza. Mawu amenewo sanawanenepo. Pobwerera ndinawatsatira amalume mpaka palole.

"Amalume, zija anakuuzani liti?"

"Pamaliro sitikambirapo za minda, mphwanga," anatero osandiyang'ana, n'kutseka chitseko.

Madzulo anthu atabalalika, ndipo odikira kumeta atapita kukagona kwa anansi, m'nyumba munangoti zii. Mng'ono wanga anakhala pamphasa ya amayi. Kenako anandifunsa ngati mundawo tisose chaka chino kapena tingousiya.

Ndinamuuza kuti afune makasu onse awiri, tikangometa tilawirira kumundako.