Madzi amene ndinkatungira Tadala

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene likulu linkasamukira ku Lilongwe. Atate ankamanga nawo maofesi a ku Kapitolo. Ankabwera Loweruka lokha ali mbuu ndi simenti, buledi ali kukhwapa, ndipo fungo limenelo ndimalilakalaka mpaka lero.

Tinkakhala kuseri kwa nyumba ina ku Area 9, kumene amayi ankagwira ntchito yochapa kwa mayi Nyirenda, nesi wochokera kumpoto. Kuseriko mpopi anali asanalumikize, ndiye anatilola kutunga pa wakhitchini. Koma pamenepo pankagona chigalu, ine mantha! Ndinkazembera kuchitsime cha kudambo, komweko n'kumachapiranso matewera a mng'ono wanga Tadala.

Tadala anayamba kutsegula m'mimba, zathovu zonunkha. Akachira, sabata yomweyo zayambiranso. Amayi anati ndi tsempho, poti kwathu mwana akamafooka chonchi amati bambo wake wayenda ndi mkazi wina.

"Mwandisemphera mwana inu!" amayi anawakalipira atate. Atate analumbira mpaka misozi.

Mayi Nyirenda anabweretsa mankhwala n'kutikhazika pansi. Anati ndi kachilombo kosaoneka ndi maso. Kamatuluka m'chimbudzi cha wodwala katadzitsekera m'kachikamba, kamadikira m'madzi ngakhale miyezi. Mwana akamwa, kamaswa m'matumbo, kumatirira, kuchulukana, n'kutulukanso kukadikira wina.

Kenako anandiyang'ana. "Madzi umatunga pampopi pathu, eti?"

"Eya," ndinanama.

Amayi anangoti, "Mwamva? Madzi ndi abwino. Nanga chatsala n'chiyani?" Loweruka limenelo atate ananyamula bulangete lawo n'kupita kumsasa wa omanga.

M'mawa mwake ndinalimba mtima, ndinakatunga pampopi. Tadala anachira osadwalanso, ndipo amayi anauza aliyense kuti mwana wachira chifukwa wolakwa wachoka. Ine ndinali chete, kuopa mkwapulo. Ntchito itatha, atate anapita ndi omanga anzawo kwina, sanabwererenso pakhomo.

Lero ndikudziwa kuti kachilomboko sikayenda kokha; ndinkakanyamula ndine pamutu, kupita nako ndi kubwera nako. Ndikudziwanso kuti mkwapulo ukanapola tsiku lomwelo. Ndikamadutsa pa Kapitolo ndimayang'ana makoma aja, kufuna kudziwa njerwa zimene anayala atate anga. Ndimawasowa, abale.

Galu ujatu, tsiku limene ndinamuyandikira ndi ndowa, anangondigwedezera mchira.