Chidole Chimene Ndinapereka Mwakachetechete

Ndimagwira ntchito ku Liwonde, mkazi wanga amakhala kumudzi ku Utale. Poona kutalikirana kwathu, ndinamugulira chidole chogonana nacho kwa mayi wina wokaoda katundu ku Joni. Mayiyo anandichenjeza kuti: "Achimwene, chimenechi sabwerekana. Azichitsuka ndi sopo nthawi zonse, ndipo ndi bwino azichiveka kondomu. Matenda opatsirana amayenda nacho."

Ndinavomera. Koma nditafika kunyumba manyazi anandigwira. Ndinangochisiya pabedi chili m'pepala, n'kutuluka kukaona mbuzi.

Mwezi watha mkazi wanga ananena akuseka kuti mnzake woyandikana naye amachibwereka, monga momwe amabwerekerana sefa. Ine ndinangoti "Oo," n'kufunsa za mvula. Sabata yonse kuntchito ndinkangodzuka pampando, kukhala, kudzukanso.

Loweruka ndinabwerera kumudzi n'kumuuza zonse zimene mayi wa ku Joni uja anandichenjeza, maso ali pansi.

"Bambo a Chikondi, mawu amenewa munali nawo tsiku lija?" anafunsa. "Nanga munkasungira ndani?"

Lolemba tinapita kukayezetsa, mnzakeyo ali nafe. Pabenchi la kuchipatala ndinakhala pakati pawo. Namwino atafunsa chimene tabwerera, onse awiri anatembenuka n'kuyang'ana ine.