Khoma Lathu ndi a Muhiwa

Ndikakumbukira a Muhiwa, pakhosi panga pamayamba kukereketa ndi utsi wa nandolo wopserera, chifukwa nyumba yathu ndi yawo zinali ndi chumuni chimodzi. Iwo akapsereza ndiwo, otsokomola tinali ife.

Tinkakhala mumdadada wakalekale kumunsi kwa Fort Lister, umene azungu anamangira antchito awo: makomo anayi ondondozana, njerwa zofiira ngati chiwindi, pamwamba pa khomo lililonse zitapindika ngati uta, zikugwirana zokhazokha popanda simenti. A Muhiwa, mkulu wokhoma zidebe, ankakhala okha kuseri kwa khoma lathu. M'mawa uliwonse ankaligogoda ndi nyundo, mayi anga n'kuyankha ndi chipande. Moni wake anali ameneyo. Tsiku lina mayi atachedwa kuyankha, a Muhiwa anatulukira pakhomo khasu lokumbira manda lili paphewa.

"Ndimayesa zachitika," anatero, akuoneka ngati awonongeredwa pulogalamu.

Kenaka khomo lakumapeto, logundana ndi lawo, linagulidwa ndi bwana wina wogwira ntchito kuboma. Anati nyumbayo ndi yachikale, akufuna ya magalasi akuda. Anyamata anabwera ndi zitsulo zogumulira.

"Achimwene, khoma ilo ndi la tonse awiri," anatero a Muhiwa.

"Madala, ine ndikuchotsa mbali yanga yokha."

"Mbali yanu! Mdadada ndi mano, bwana. Mukazula limodzi, anzake amagwedera."

Bwana anaseka, n'kuwafunsa ngati analinso dokotala wa mano. Anyamata anasenda khomalo ngati chinangwa. Mvula yoyamba itatsika m'phiri la Michesi, chotsalacho chinagwa masanasana, n'kukwirira zidebe, mphasa ndi nyundo yomwe. Chinawapulumutsa ndi umphawi: anali kwathu kudzapala moto. Mwana wawo anadzawatenga kupita nawo kwa Mkhumba, ndipo kumeneko anatsikira kuli chete m'nyumba yoima payokha, yopanda woigogoda. Nyumba ya magalasi akuda ija inathera pamaziko. Njerwa zopindika ngati uta zija anthu anatola n'kumangira khola la nkhumba. Nkhumbazo, kunena zoona, zimagona mwaulemu kuposa ambirife.

Patapita zaka, kukoleji komwe ndinakhalako mpaka mayeso atandipempha mwaulemu kuti ndizipita, mphunzitsi anationetsa chithunzi cha nyumba zamakedzana zogundanagundana m'mphepete mwa nyanja ku Mangalande. Anati kumeneko n'chuma cha dziko, ukangosintha zenera lokha amakutengera kukhoti.

"Koma uwu ndi mdadada," ndinatero.

Kalasi yonse inafa ndi phwete. Ine sindinaseke. Kwa anzathu zenera lili ndi khoti. Kwathu munthu wathunthu, wa ndevu zake, analibe ndi pokadandaula pomwe.

Lero ndimachita lendi mumdadada wa mabuloko, momwe aliyense amadziwana ndi wailesi yake. Pamutu pa bedi ndimasunga njerwa imodzi yofiira, imene ndinakaitenga kukhola kuja nkhumba zikuona. M'mawa ndimagogoda nayo khoma.

"Akulu, mwapenga kodi?" amakuwa wa mbali inayo.

Ndikamva choncho ndimadziwa kuti wadzuka bwino. Khasu la manda ndimalisiya.