Nthambi Ziwiri pa Njanji ya Patebulo

Ine ndinalowa kalabu ya tisitima chifukwa cha ludzu. Linali Loweruka lotentha, kutentha kwa ku Perth kumene kumakusiya ukudzifunsa chimene unalilakwira dzuwa, ndipo galimoto yanga inandikanira kuseri kwa mafakitale a ku Maddington. Ndinaona shedi ya malata chitseko chili pululu, ndinati ndikapempheko madzi. Nditasuzumira, ludzu ndinaliiwala. Madoda a imvi, ena oyendera ndodo, anali atazungulira chitebulo chodzaza shedi yonse. Pamwamba pake panali mapiri, milatho, timatauni, ndi tisitima tonenepa ngati chinangwa tikuthamanga panjanji ya magetsi. Panalibe ndi mmodzi yemwe womwetulira. Ankasewera nkhope zili gwa.

Ine ndinakulira pafupi ndi siteshoni ya Nkaya, kumene sitima inali msika wathu, kanema wathu komanso wotchi yathu. Inali wotchi yabodza, koma inali yathu. Choncho nditaona kasitima kakutuluka m'phanga la phiri la pulasitala, mtima unangoti myaa. Ndinatuluka m'shedimo dzuwa litapendeka, madzi osamwa, galimoto ikadali pomwe ndinaisiya.

Akazi anga atamva anagwira pakamwa.

"Bambo a ana, mwauluka nyanja yonseyi kudzaseweretsa zidole? Ku Nkaya simukanangopinda ya mawaya?"

"Si zidole, amayi. Ndi njanji."

"Nanga a kutchalitchi akafunsa, ndiziti Loweruka mumakhala kuti?"

"Muziti ndili ku za njanji."

"Aziyesa mwasintha jobu."

"Asiyeni ayese."

Anaseka mpaka kukhala pansi, koma ine ndinali nditatsimikiza. Ndinene mosabisa, ndinali wosungulumwa. Moyo wanga unali shifiti, sitima yobwerera ku Armadale, tchalitchi ku Mirrabooka, kenako bedi. Ana ukawafunsa m'Chichewa amakuyankha m'Chingerezi cha m'mphuno, n'kutseka chitseko. Ndinalibe malo oti ndikhale ndi amuna anzanga n'kumakangana za zinthu zopanda pake, monga timachitira pabawo. Shedi ija inandipatsa zimenezo. Koma mlendo ankayamba wayesedwa kaye. Membala weniweni ankakhala ndi kiyi wakewake wa shedi, ndipo komiti inkagamula za woyesedwa pa tsiku la chionetsero cha pachaka, pamene anthu a m'tauni amabwera kudzaonera. Kiyi ameneyo ndinkamufuna kuposa mmene ndinafunira laisensi ya galimoto.

Sabata ya kalabu inali ndi masiku awiri. Lachitatu masana tinkamanga, Loweruka kuyambira m'mawa tinkayendetsa sitima. Pomanga, phiri limayamba ndi waya wa khola la nkhuku, kenako umalikuta ndi nyuzipepala zoviika m'pulasitala. Udzu ndi utuchi wonyika m'penti yobiriwira. Timiyala ta m'njanji umatithira ndi supuni ya tiyi, n'kutisalaza ndi kaburashi, n'kudonthezera guluu wosungunula ndi madzi, ndipo ukangoyetsemula ntchito ya masana onse imauluka. Pakati pa zonsezi pankakhala tiyi ndi mabisiketi, ndi mkangano wosatha wa mtundu weniweni wa dzimbiri.

Wolamula zonse anali a wapampando, bambo wamtali amene anapuma ntchito kunjanji zenizeni, koma mtima wawo sunapume nawo. Ankavala kapusi yosavula ndi wezulo m'khosi, ndipo sitima iliyonse inali ndi nthawi yake yonyamuka ndi yofika. Ine ndinayambana nawo Loweruka loyamba lomwe. Chitebulo chija chinagawidwa, munthu aliyense ndi dera lake, ndipo sitima yako imadutsa m'madera a anzako onse. Tsono kwathu sungadutse pakhomo pa munthu iye ali chilili pomwepo osampatsa moni. Ndinkaimitsa sitima pa dera lililonse n'kufunsa mwini wake mmene wadzukira, ndi mmene bondo lake likumvera. Kumbuyo kwanga sitima zinandanda mpaka pamlatho. Wezulo analira, ndipo a wapampando anandiuza kuti njanji si malo ochezera. Ndinavomera ndi mutu, koma ndinapitiriza kupereka moni chapansipansi.

Dera langa linagundana ndi la mdala wina amene aliyense ankangowatchula kuti mdala wa mitengo. Anali wamfupi, wogontha khutu limodzi ndi theka, wonunkhira guluu chaka chonse. Mitengo yonse ya patebulopo inachokera m'manja mwawo. Ankapota timawaya, kutimata guluu, kutipenta, kenako kuwaza timasamba ta siponji. Phiri lawo, lomwe linali ndi phanga lija, linali nkhalango yeniyeni. Ankanditchula kuti mnyamata ngakhale ndili ndi imvi zanga, ndipo kangapo konse ndinawaona akutakasa tiyi ndi mtengo wa bulugama. Ndikawapatsa moni ankayankha za nyengo. Ndikanena za nyengo ankati zikomo, adya kale.

Ndi iwo amene anandiphunzitsa kupota mitengo. Wanga woyamba unatuluka ngati tsache lotha. Anauyang'ana nthawi yaitali, kenako anauzondotsa, n'kuumata pulasitala m'chiuno mpaka unanenepa. Anati kumpoto kwa dziko lino anaonako mitengo yotere. Ndinayang'ana, ndipo unali mlambe. Ndinawakumbatira, iwo n'kudabwa ngati ndawaponda phazi.

Mlambe utapezeka, ndinadziwa chomanga. Masiteshoni a anzanga anali aukhondo komanso achisoni: bambo mmodzi wa chikwama, mayi mmodzi wa ambulera, basi. Ine ndinamanga Nkaya. Tianthu ta pulasitiki timabwera tonse tili azungu, choncho ndinatipenta kamodzikamodzi ndi kaburashi ka tsitsi lowerengeka. Mizimbe ndinathyola kutsache la kunyumba, tomato anali mikanda yofiira, ndipo mbuzi ndinazipeza pometa tinkhosa ndi lezala. Zitenje za amayi a pamsika ndinadula m'mphepete mwa chitenje cha akazi anga, poyesa kuti sazindikira. Anazindikira tsiku lomwelo.

A wapampando atabwera kudzayendera, anaima manja kumbuyo.

"Anthu onsewa akupita kuti?" anafunsa.

"Sakupita kulikonse," ndinatero. "Abwera kudzaona sitima."

"Nanga mbuzi iyi ikutani panjanji yapambaliyi?"

"Ikamva huta ichoka yokha."

Mdala wa mitengo, amene sankamva chilichonse, zimenezi anazimva. Anaseka mpaka mano oikirira anatsala pang'ono kugwera mumsika wanga. A wapampando sanaseke. Anati komiti idzaona, ndipo ine ndinadziwa kuti kiyi uja akunditalikira.

Patatsala sabata ndi kanthu kuti chionetsero chifike, tinasonkhana Lachitatu monga mwa masiku onse, koma mpando wa mdala wa mitengo unali wopanda munthu. A wapampando anatiuza kuti mdalayo anatisiya ali m'tulo, ndipo achibale akufuna mwambo wa banja lokha. Anati tikhale chete mphindi imodzi. Tinakhaladi chete, iwo maso ali pawotchi. Mphindi itakwana wezulo analira, wina anayatsa ketulo, wina anafunsa amene watenga guluu wake.

Kunyumba akazi anga atamva anayamba kale kufunafuna mpango.

"Ndiye siwa ili kuti? Tikagone konko."

"Kulibe. Akuti ndi za famile yokha."

"Aa! Munthu wamkulu angopita chonchi ngati nkhuku ya chitopa? Nanga inu anzake mwachitapo chiyani?"

"Tinakhala chete mphindi imodzi."

"Imodzi?" Anandiyang'ana ngati mphindiyo ndinaisankha ndine. "Bambo a ana, maliro n'kulirana."

Loweruka linali loyeserera komaliza. Ndinaima pa dera langa n'kumaona sitima zikudutsa pa phiri la mdala uja zili liwiro, zina zikuliza ndi huta yemwe. Zinandiwawa kwambiri. Kwathu pakagwa maliro, anthu amathyola nthambi za masamba n'kuziyala pamsewu, kuno ndi uko kwa nyumba ya siwa. Wagalimoto amachepetsa liwiro n'kuzimitsa wailesi, wanjinga amatsika, wachipewa amavula. Palibe amene amaima pamsewu kulengeza, nthambi imanena yokha. Choncho pa nthawi ya tiyi, anzanga atapereka msana, ndinathyola nthambi ziwiri mumtengo wina wa mdalayo n'kuzigoneka mopingasa njanji, imodzi pakamwa pa phanga, ina kumalire ndi msika wanga. Sindinauze munthu. Sizinandifike n'komwe m'mutu kuti padziko pano pali munthu wamkulu woti angaone nthambi panjira osadziwa tanthauzo lake.

Tiyi atatha, yoyamba kunyamuka inali sitima ya a wapampando, injini yobiriwira yamalasha imene ankaipukuta ndi mpango wa m'thumba ndipo sankalola munthu kuipumira. Inatuluka m'phanga ili liwiro la mtondo wadooka. Inakwera nthambi, waya wa mkati mwake unakhudza njanji, kunathetheka moto, magetsi a tebulo lonse n'kuzima. Injini inasiya njanji, mabogi ake n'kuilondola mokhulupirika, ulendo wa mumsika wanga. Amayi a mizimbe anauluka. Mlambe unagwa chagada. Tomato anangoti balala pansi ponse, ndipo doda lina litaponda mikandayo linatsetsereka n'kukakhala pachitini cha mabisiketi. Mayi wa nthochi tinakamupeza m'kapu ya tiyi ya msungichuma wa kalabu. Mbuzi yokha, ija ya panjanji yapambali, sinakhudzidwe ndi pang'ono pomwe.

A wapampando anatola injini yawo ndi manja awiri, chumuni chake chitapindika. Kenako anatola nthambi ndi kachitsulo kopanira, n'kuikweza m'mwamba.

"Waika ichi ndani?"

"Ndine," ndinatero.

Ndinafuna kupepesa, koma pakamwa panatuluka zina. Ndinawafotokozera za nthambi za pamsewu, za wanjinga ndi wachipewa. Ndinawauza kuti munthu wapota mitengo zaka zonsezi, mthunzi uliwonse patebulo pano ndi wake, inu mwamupatsa mphindi imodzi, mphindi yakenso mukuiyang'anira pawotchi. Ndinati pakhomo pake mukudutsa mukuliza huta ngati mukupita ku ukwati. Pofika pamenepo misozi inali ikutsika, bambo wamkulu, m'manja muli mbuzi ya pulasitiki. A wapampando anangoti komiti ikumana.

"Mwapalamula chitedze," anatero akazi anga nditawafotokozera. Kenako anafunsa: "Koma nthambizo munaika mbali zonse ziwiri?"

"Zonse ziwiri."

"Basi. Kiyi angokhala naye."

Lachitatu lotsatira sindinapite, manyazi. Pa tsiku la chionetsero ndinanyamula chigoba cha ayisikirimu choti ndikalongeremo tianthu tanga, ndipo akazi anga anati andiperekeza kuti akaone kumene chitenje chawo chinathera. Tinapeza shedi itadzaza ndi alendo. Ndinadzipanikiza mpaka pa dera langa, ndipo ndinapeza msika utaimanso. Madoda aja anaukonza mmene anadziwira. Mizimbe anaibzala ngati mpanda, tomato anamuyala pamzere wowongoka mmodzimmodzi, ndipo mayi wa nthochi anamumata padenga la siteshoni, kaya poganiza kuti kwathu timatero. Mlambe anaudzala mozondoka, mizu pansi monga mitengo ya anthu ena.

Kenako akazi anga anandikodola n'kuloza. Nthambi ziwiri zija zinalipo, imodzi pakamwa pa phanga, ina kumalire ndi msika. Anazimata ndi guluu m'mbali mwa njanji, moyezedwa bwino kuti gudumu lisakhudze.

Wezulo analira. Injini yobiriwira inatuluka m'phanga, chumuni chikadali chopindika, ndipo itafika panthambi inayamba kukwawa. A wapampando anavula kapusi. Aka kanali koyamba kuona mutu wawo, dazi lowala lokhala ndi mzere wa kapusi kuzungulira. Sanaivalenso mpaka bogi lomaliza litadutsa nthambi yachiwiri. Wotsatira anachita chimodzimodzi, winanso chimodzimodzi, ndipo amene analibe chipewa anavula magalasi n'kutsala pang'ono kugunda mnzake. Nthawi zonse za sitima zinasokonekera, mzere unafika pamlatho, koma wezulo sanalire. Mayi wina mwa alendo anafunsa ngati magetsi afooka pamenepo.

"Ayi," anatero a wapampando. "Pano pali maliro."

Akazi anga sanadikire kuuzidwa. Anamanga mpango kumutu n'kuyamba kuzungulira tebulo, kugwira chanza doda lililonse ndi manja awiri, bondo litapindika pang'ono, akunena m'Chichewa kuti pepani, pepani ndithu. Madodawo sankadziwa koyang'ana. Atafika kwa a wapampando, bambo wamtali uja anagwira dzanja lawo osalisiya, ndipo ndi pamene ndinamva kwa msungichuma kuti a wapampando ndi mdala wa mitengo anayamba kalabuyi limodzi m'galaja, asanamere imvi.

Kiyi anandipatsa alendo atapita, atamumangirira ku kawaya kopota. A wapampando anati mbuzi ichoke panjanji. Ndinati ichoka ikamva huta.

Masiku ano Lachitatu ndimafika woyamba. Ndimatsekula shedi, ndimayatsa ketulo, ndipo ndisanagwire guluu ndimaima kaye pa phiri lija n'kufunsa mdala wa mitengo mmene adzukira. Sayankha, komatu ndi kale lomwe moni wanga sankaumva.